MPINGO UNATSATA ANCHITO KU MIGODI, USAWATAYE LERO

Abale ndi alongo a m'migodi, m'mapulazi ndi m'malokesheni, inu muli ku Zimbabwe, ku Copperbelt ndi ku Joni, ndi inunso munabwerera kwathu ku Malawi, tamverani.

Munthu woyenda pa mseu waukulu wocokera ku Harare kunka ku Masvingo, akatha makilomita ngati 190, amaona cumuni cacitali citaima pa tauni ya Mvuma. Cinamangidwa mu 1913, msinkhu wace mamita 40, ndipo cinali ca mgodi wa Falcon, umene pa masiku ace unali umodzi wa migodi yaikulu ya golidi ndi mkuwa mu Southern Rhodesia. Falcon inatsekedwa mu 1925. Mgodi wa Athens, umene unapitiriza nchito pa Mvuma, unatsekedwanso ca m'ma 1996. Cumuni cija cikali ciriri. Amene anaponya ndalama zao m'mgodimo ali naco cikumbutso cao. Nanga amene anaponyamo mapapo ao, cikumbutso cao ciri kuti?

Ine ndikuti ciripo. Ndico timipingo tija tinabadwira m'makomboni, pamodzi ndi mabuku a ubatizo m'mene munalembedwa maina ao ndi maina a ana ao. Mau anga lero ndi awa: mpingo umenewo anaumanga ndi anchito eni ace, ndi ndalama za tikiti yao. Cifukwa cace uli ndi ngongole kwa anchitowo ndi kwa zidzukulu zao, ndipo nthawi yobweza ngongoleyo ndi ino.

MIPINGO IWIRI PA DERA LIMODZI

Tiyambe taona mishoni ya kumudzi. Kufupi ndi Mvuma, m'dziko la Chirumanzu, kuli mishoni ya Akatolika ya Driefontein. Anaiyamba ndi ansembe a gulu la Jesuit mu 1906, ndipo pambuyo pace inapita m'manja mwa ansembe a Bethlehem ocokera ku Switzerland. Moyo wa pa mishoni yotere tiudziwa tonse, pakuti ufanana ndi wa ku Nkhoma, ku Mua, ku Likuni kapena ku Khondowe. Pali chalichi, pali belu lodzutsa anthu mamawa, pali sukulu, pali munda waukulu ndi ng'ombe, pali pophunzirira nchito za manja. Ku Driefontein kunamangidwanso cipatala ca odwala cifuwa cacikulu, ndipo ndani angawerenge anthu amene anapezako moyo? Mmishoni amakhala zaka zambiri pa malo amodzi, naphunzira cinenero ca anthu, nadziwana ndi mfumu ndi nduna zace, nabatiza mwana, nadzamkwatitsa mwana yemweyo atakula, ndipo potsiriza iye mwini naikidwa m'manda a pa mishoni pomwepo.

Mpingo wotere uli ndi mizu cifukwa uli ndi nthaka. Anthu ace ndi eni dziko, ali ndi minda, ali ndi mafumu, ali ndi manda a makolo. Leopold Takawira, mwana wa ku Chirumanzu, Mkatolika ndi mphunzitsi, amene anafera m'ndende ku Salisbury mu 1970 pomenyera ufulu wa dziko lace, anaturuka m'masukulu a mishoni otere.

Tsono taonani mpingo waciwiri. Mnyamata wa ku Dowa, wa ku Ntcheu, wa ku Nkhotakota, wa ku Bandawe, wa ku Chipata kapena wa ku Angonia anafika pa mgodi ali ndi bulangeti, citupa, ndi kalata ya mpingo wa kwao. Kumudzi unamthamangitsa ndi msonkho. Ena anadzera m'cibalo ca Rhodesia Native Labour Bureau, imene inayamba mu 1903. Ena a zaka za pambuyo anabwera pa malole a Ulere kapena pa dzanja la Mthandizi. Munthuyu analibe munda, analibe mfumu, analibe manda a makolo. Cinenero ca pa mishoni ya kumudzi cinali Cishona, cimene iye sanali kucimva. Nyumba yogonamo inali ya kampani, ndipo tsiku lotha nchito ndilo tsiku lotha nyumba. Kodi munthu wotere akapemphere kuti?

ANCHITO NDIWO ANAITANA MMISHONI

Pano pali cinthu cimene ana athu ayenera kucidziwa. Kumudzi mmishoni ndiye anafika nayamba kufunafuna anthu. Ku Halale zinatembenuka: anthu ndiwo anafunafuna mmishoni. Mu 1905 anchito a ku Nyasaland okhala ku Salisbury anatuma anzao ulendo wautali kufikira ku Mvera, kukapempha kuti awatumizire mbusa. Anadikira zaka 7. Mu 1912 ndi pamene anafika Mbusa T.C.B. Vlok, yemwe uja anathandizana ndi A.C. Murray kuyamba mishoni ya Mvera mu 1889. Tsono dzifunseni: m'zaka 7 zimenezo anali kupempheretsa ndani?

Ndipo atafika, Vlok anali munthu mmodzi m'dziko lalikulu, la migodi ndi mapulazi obalalika kuyambira ku Shamva kufikira ku Wankie. Sakadatha kufika pa komboni iriyonse sabata ndi sabata. Mbusa amadza kudzabatiza ndi kudzagawa Mgonero, napitirira. Masabata ena onse mpingo unali m'manja mwa akulu a mpingo ndi alaliki, ndiwo olaisha miyala m'ngolo, ogwira makina obowolera, ophika m'nyumba za Azungu, ndi makalaliki a m'ofesi. Munthu aturuke pansi Loweruka cifuwa citadzala fumbi, Lamulungu abvale jekete yace imodzi yomweyo, aimirire pamaso pa anzace ndi kuwerenga Mau. Litaturuka Buku Lopatulika mu 1922, linagona m'bokosi la wanchito pamodzi ndi citupa cace, ndipo ambiri anaphunzira kuwerenga madzulo pa nyali ya parafini, mphunzitsi wao ali mnzao wa pa shifiti.

Mu 1918 mliri wa fuluwenza unalowa m'makomboni nupha anchito ambirimbiri. Pamenepo makolo athu anaona ndi maso ao m'mene aikidwira munthu wopanda mwini. Magulu a maliro anakula, yense kuponya kangacepe mwezi ndi mwezi, kuti mnzao akafa apeze nsaru, apeze bokosi, ndi kuti kalata ipite kwao kukauza amai ace. Akazi atayamba kucuruka m'makomboni, amai a mpingo anasenza nchito yozonda odwala ndi kugona pa maliro, monga acitira a Cigwirizano, a Mvano ndi a Umanyano kwathu. Mutu umodzi susenza denga. Akristu a ku Nkhoma, a ku Blantyre ndi a ku Livingstonia, amene kwao anali otalikirana, kuno anakhala pa benchi limodzi. Mu 1965 mpingo wao unakhala Sinodi payokha m'kati mwa CCAP, ndiyo lero Sinodi ya Harare.

ZIMENE TILI NAZO KWA AMISHONI

Wina adzati: Kodi iwe wa bungwe la anchito wadza kudzanyoza amishoni? Iai. Ambiri a ife amene tidziwa kulemba kalata ya madandaulo tinaphunzira pa sukulu ya mishoni. Clements Kadalie, wa ku Chifira kufupi ndi Bandawe, anaphunzira ku Livingstonia. Anagwira nchito ya ukalaliki pa mgodi wa Shamva ndi pa Falcon pa Mvuma pomwepa, ndipo mu 1919 anayamba ICU ku Cape Town, bungwe limene linakula koposa mabungwe onse a anchito akuda a masiku amenewo. Colembera anacilandira ku mishoni, mkwiyo anautola m'komboni, ndipo zonse ziwiri zinafunika.

Koma kuthokoza sindiko kutsinzina. Mu September 1927 anchito ngati 3,500 a pa Shamva, ambiri a iwo a ku Nyasaland, ananyanyala nchito cifukwa ca kucepa kwa malipiro. Caka comweco Robert Sambo, wa ku Nyasaland yemweyo, amene anali kumanga ICU ku Bulawayo, anapitikitsidwa m'dzikomo. Mu 1930 lamulo la Land Apportionment Act linagawa nthaka poyang'ana khungu. Mu 1934 lamulo la Industrial Conciliation Act linacotsa munthu wakuda pa gulu la oyesedwa anchito pa lamulolo, ndipo khomo limenelo linakhala lotseka kufikira 1959. M'zaka zonsezi eni migodi sanadane nao mapemphero. Anakondwera ndi ulaliki wakuti wanchito asaledzere, amvere kapitao, afike msanga Lolemba. Cimene anaopa ndiye mlaliki wofunsa za phoso ndi za malipiro, ndi cifukwa cace alaliki a Citawala anali kulondedwa ndi apolisi ndi kuthamangitsidwa m'migodi. Pa maguwa ambiri panamveka macimo a wanchito. Macimo a kampani anamveka pang'ono.

Komabe analipo amene anatsegula pakamwa. Citaganya citakakamizidwa pa ife mu 1953, Sinodi ya Blantyre inacitsutsa poyera mu 1958, ndipo caka comweco Mbusa Andrew Doig anasiya mpando wace m'nyumba ya malamulo ya Citaganya. Mu March 1959, pamene Dr. Banda anagwidwa natsekeredwa m'ndende ya Gwelo, mu Midlands momwemu, Mpingo wa ku Scotland unalankhulira omangidwa. Bishopu Donal Lamont wa ku Umtali analemba kalata yotsutsa tsankho mu 1959, napitikitsidwa m'dzikomo mu 1977. Nyuzi ya Moto, imene ansembe a Bethlehem anaiyamba ku Gwelo mu 1959, inaletsedwa ndi boma la Smith mu 1974. Amenewa anatisonyeza kuti mpingo ukhoza kulankhula ukafuna. Cifukwa cace ukakhala cete, ife tidziwa kuti wacita kusankha.

MIGODI YATSEKEDWA, ANTHU ATSALA

Citaganya cinatha mu December 1963. Zimbabwe analandira ufulu mu 1980. Koma machona sanathe. Ambiri sanabwerere kwao: ena anakwatira konkuno, ena ndalama ya ulendo sinakwane, ena anacita manyazi kufika kumudzi cimanjamanja. Ana ao anabadwira pa Mvuma, pa Shurugwi, pa Zvishavane, pa Kwekwe ndi pa Redcliff. Akale anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Koma awa si mame, pakuti mibadwo itatu kapena inai yabadwira pano. Mudzi wao unali komboni.

Ndipo komboniyo inagwa. Athens inatsekedwa. Mgodi wa asbestos wa Shabanie unatengedwa ndi boma mu 2004, ndipo patapita zaka zocepa nchito inaima. Ng'anjo za citsulo za ZISCO pa Redcliff zinazima mu 2008. Mnzathu wa Cishona nchito ikatha ali ndi kumudzi kothawira. Mdzukulu wa mchona alibe. Polandidwa mapulazi kuyambira mu 2000, anchito a m'mapulazimo, ambiri a iwo a mtundu wathu, anataya nchito ndi pogona pomwe. Mu 2005 Murambatsvina anagwetsa nyumba m'matauni, anthu nauzidwa kubwerera kumidzi kwao. Kwao kuti?

Pamwamba pa izi panadza nkhani ya citupa. Lamulo la unzika la mu 2001 linafuna kuti yense amene akadatha kuyesedwa nzika ya dziko lina akakane unzika umenewo, ngakhale dzikolo sanaliponde ndi phazi. Ambiri sanamve, ambiri sanathe, ndipo anthu obadwira pa Mvuma anapezeka ali alendo, opanda voti. Malamulo akulu a dziko a mu 2013 anakonza zimenezi: ndime 43 inena kuti munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanaturuke, amene kholo lace linali nzika ya dziko la SADC, ndipo iye anali wokhala m'dzikomo, ndiye nzika yobadwa. Lamulo labwino ndithu. Koma lamulo la pa pepala silidziyendera lokha. Kuti ulandire citupa afuna kalata ya kubadwa. Kuti ulandire kalata ya kubadwa afuna citupa ca amako. Amako anamwalira opanda citupa, ndipo pepala limene agogo anadza nalo linadyedwa ndi ciswe kalekale. Mu 2021 Amnesty International inalemba za anthu otere mu Zimbabwe, ndipo bungwe la UNHCR linayerekeza kuti ali ngati 300,000 amene akhoza kukhala opanda dziko. Munthu wopanda kalata abvutika polemba mayeso, pofuna nchito, potsegula buku ku banki, ngakhale pogula laini ya foni. Naye akabala mwana, bvuto lomwelo ligwera mwanayo.

ZIMENE TIPEMPHA

Makampani ambiri anapita, ndipo mabuku ao sitidziwa kumene ali. Koma alipo mabuku ena. Ndani analemba tsiku limene mwana anabatizidwa, dzina la atate ace, dzina la amace, ndi malo amene anali kukhala? Mpingo. Sindikuti kalata ya ubatizo ndiyo citupa ca boma, ai. Koma ndi umboni, ndipo kwa munthu amene alibe umboni wina uliwonse, umboni umodzi ndi cuma. Cifukwa cace tipempha zinthu izi.

Coyamba, Sinodi ya Harare, maparishi a Akatolika a mu Dayosizi ya Gweru, ndi mipingo ina yonse imene inabatiza anthu m'migodi, isonkhanitse mabuku akale a ubatizo ndi a ukwati, iwajambule, ndi kuwasunga asanathe ndi ciswe ndi mvula. Munthu akadza kudzapempha kalata ya umboni, apatsidwe ulere, osayamba kumfunsa ngati anatsiriza zopereka zace.

Caciwiri, akulu a mpingo ayende khomo ndi khomo monga acitira pozonda odwala, alembe maina a onse opanda zitupa, ndipo awaperekeze ku ofesi ya Registrar General. Nkhalamba yopita yokha ibwezedwa pa windo ndi mau awiri. Nkhalamba yopita ndi mbusa wobvala kolala, ndi mboni zoidziwa kuyambira ubwana, imvedwa. Umboniwo ukhale woona, pakuti bodza limodzi lidzatsekera khomo anthu zana.

Cacitatu, masinodi a kwathu, Nkhoma, Blantyre ndi Livingstonia, pamodzi ndi Reformed Church in Zambia, akumbukire kuti ndalama za machona zinalipira msonkho wa makolo, zinalipira fizi ya ana, ndipo zinalowanso m'mbale ya copereka kumudzi. Atsegule mabuku ao kwa ofuna kulondola kumene agogo ao anacokera. Nyumba ya Malamulo ya Malawi inabvomereza mu 2018 kuti munthu akhale nzika ya maiko awiri, kotero kulondola kwanu sikulinso kutaya kwina.

Cacinai, pa nchito imeneyi pasakhale kusankha. M'makomboni munali Ayao a Cisilamu amene anamanga mizikiti yao, munali a gule wamkulu amene mpingo unawadula. Fumbi la pansi silinafunse kuti munthu apemphera kuti, ndipo kalaliki wa pa windo safunsa. Amene analowa m'kheji imodzi aime pa mzere umodzi.

Cacisanu, za cinenero. Nkhalamba zifuna kumva Mau m'Cicewa, ndipo ziri nao ufulu umenewo, pakuti ndizo zinamanga mpingo. Koma zidzukulu zinayamwa Cishona ndi Cindebele. Tikazitsekera kunja cifukwa ca lilime, mpingo udzaikidwa m'manda pamodzi ndi nkhalamba yotsiriza. Zinenero zonse zimveke pa guwa, ndipo ana aphunzitsidwe Cicewa mwa cikondi, osati ndi citonzo.

Cacisanu ndi cimodzi, guwa lisaiwale anchito a lero. Zidzukulu za olaisha miyala ndizo zikulowa m'maenje akale ku Shurugwi ndi ku Kwekwe kufuna golidi, popanda mizati yocirikiza denga, popanda cipukuta misozi zikafa. Mbusa amene aika maliro a mnyamata wogweredwa ndi dothi afunse mokweza cimene camupha.

KUYANKHA OTSUTSA

Ena adzati mpingo si wa ndale. Ndibvomera kuti mpingo usakhale mcira wa cipani ciriconse. Koma kuperekeza mkazi wamasiye ku ofesi kukatenga cimene malamulo a dziko anampatsa kale, ndi ndale za cipani citi? Buku limene muwerenga pa guwa liri ndi malamulo osunga mlendo, osunga wamasiye, ndi oletsa kugoneka malipiro a waganyu. Liri ndi mbiri ya anthu amene anaumba njerwa m'dziko la eni. Ife sitipempha cinthu cacilendo. Tipempha kuti zimene zilalikidwa Lamulungu zioneke Lolemba.

Ena adzati mpingo wa ku Zimbabwe ndi wosauka, anthu ace ambiri sali pa nchito. Nzoona. Koma amene anatumidwa ku Mvera mu 1905 anali olemera kodi? Amene anayamba magulu a maliro anali ndi ciani koposa kandalama ka pa tikiti? Kujambula buku lero kufuna foni imodzi ndi munthu mmodzi wosamala. Ndalama ya basi yopita ku ofesi ikhoza kusonkhedwa monga tisonkhera ya bokosi la maliro. Ngati tidziwa kusonkhera munthu atafa, tiphunzire kumsonkhera akali moyo. Ndipo inu muli ku Joni ndi ku Copperbelt, amene mutumiza ndalama kumanga machalichi kumudzi, patulaniko pang'ono mukumbukire abale otsala pa migodi yakufa.

Tsono, abale, musadikire Sinodi kuti iyambe. Mpingo wa m'komboni sunayambe ndi Sinodi, unayamba ndi anchito ocepa okhala pansi atatha shifiti. Pa msonkhano wa akulu a mpingo ukudzawu, wina aimirire afunse kumene kuli mabuku akale ndi amene awasunga. Amai a m'magulu awerenge ana opanda makalata m'dera lao. Anyamata odziwa kulemba akhale pansi ndi agogo, alembe dzina la mudzi, la mfumu, la mfunda, ndi caka cimene anafika, mau amenewo asanalowe m'manda. A mabungwe a anchito tiri okonzeka kugwirana manja ndi mbusa aliyense, wansembe aliyense ndi shehe aliyense pa nchito imeneyi. Makolo athu anapempha mbusa nadikira zaka 7. Zidzukulu zao zadikira citupa zaka zoposa 20, ndipo zina zafa zikudikira. Cibale ndi fupa, siciola.

Ine mnzanu m'bungwe la anchito.